Msilikali Wathu Wabwezedwa Chifukwa cha Mabedi

Okondedwa achemwali Anangozo,

Moni kumeneko ku Karonga. Kuno ku Golomoti tili bwino, kupatula maondo angawa amene akulira ngati chitseko cha kuchigayo.

Khalani pansi kaye. Mwana wanu Sitefano wabwerako kusukulu ya usilikali atangogonako masiku anayi! Nditamuona akutsika minibasi, ndinamuyandikira msanga. Ndinati, "Iwe, wathawa nkhondo isanayambe?"

Iye anati, "Ayi amalume. Anaitana anthu ambiri kuposa malo. Mabedi atha, aphunzitsi ndi ochepa. Enafe akuti tidikire gulu la chaka chamawa."

Anthu odziwa kuwerenga zipolopolo, kulephera kuwerenga mabedi! Akuti anawauza kuti kwathu timagona pamphasa, koma sajeni wowayang'anira sanaseke.

Tsono nayi nkhani yondiwumitsa pakamwa. Tsiku lomwe anachoka, ine ndinabwereketsa munda wake wa thonje kwa a Chikaonda, dzinja lonse lino, pamaso pa mboni. Ndinkati msilikali sagwiranso khasu. Agalauzamo kale, ndipo mvula ili pafupi. Nditapita kukawapempha anati, "Bwerani ndi asilikali anuwo mudzalande."

Ndiye ndamugawira theka la munda wanga, iye n'kulamula kuti ine wolakwa ndizilima naye. Mamawa uliwonse akundigogodera pakhomo, "Amalume, imirirani!" Masiku anayi okhawo, kukalipa anakuphunzira bwino.

Chonde tumizani mbewu ndi mankhwala opaka maondo. Ambuye akusungeni, inenso mundipempherere.

Ndine mlongo wanu,
Damiano