Limodzi Langa, Limodzi Lanu

Achimwene,

Pali tsiku lina limene lakhala likundibwerera m'mutu masabata ano. Tonse awiri tinali gone pa mphasa imodzi, matupi ali moto, ndipo m'nyumba monse munali piritsi limodzi lokha. Amayi anatenga lumo la abambo lometera ndevu, n'kuika piritsilo pa kambale, n'kulidula pakati. Mbali imodzi inaphwanyika, inasanduka ufa. Inu munati ufawo ndi wanu poti ndinu wamkulu, ndipo munaunyambita pa chala cha amayi nkhope mutaikwinya. Ine ndinameza theka labwinolo. Patapita masiku awiri tonse tinali panja tikusewera. Kuyambira pamenepo ndinakula ndikudziwa kuti mankhwala ali ngati buledi: m'bale wako akakhala pafupi, umanyema.

Taonani, ndayamba nkhani moni ndisanapereke. Muli bwanji, achimwene? Mawondo akuti bwanji, nanga zala? Alamu ali bwanji ndi mutu wawo uja? Ine kuno ndilipo, koma ndisakunamizeni kuti ndili bwino kwenikweni. Ndinagona m'chipatala masiku anayi, ndatuluka sabata yathayi. Musadzidzimuke, si mliriwu ayi. Anandiyeza kawiri, sanaupeze. Chimene chinandigoneka ndi chimene ndikukulemberani, chifukwa chikukhudza inunso.

Ndasankha kalata chifukwa ndimakudziwani. Pa foni mumandidula mawu ndi nthabwala, ndimaseka, mpaka timatsanzikana ndisananene chimene ndinaimbira. Kalatayi ndiijambula n'kuitumiza pa foni ya alamu. Alamu, chonde, muwawerengere mpaka pansi, ngakhale anene kuti guluu akuwaumira pa thabwa.

Kuno tauni yazizira. Msewu wa pansi pa zenera langa, umene kale sunkaolokeka, tsopano mumayenda nkhunda. Kuntchito tinasiya kusoka madiresi a ukwati ndi mayunifolomu a sukulu, tikusoka zotchinga pakamwa zokhazokha. Tinali atelala khumi ndi awiri m'chipinda chimodzi; pano timasinthana, asanu ndi mmodzi m'mawa, ena masana. Bwana anajambula mizere ya choko pansi kuti makina atalikirane, ndiye miseche yonse tsopano imanenedwa mokuwa. Kusoka kwenikweniko sikundivuta. Chimandiliza ndi kulowetsa kachingwe kotanuka kokolowekera m'makutu m'mbali mwake. Zala zanga zimakana, ndipo m'mawa kukazizira ndimayamba ndaziviika m'madzi ofunda kuti zivomere kugwira lumo.

Mukudziwa kuti chaka chino n'chachisanu ndi chinayi ndikumwa puledinisoloni chifukwa cha nyamakazi, timapiritsi toyera tija inu mumati mafuta a m'mawondo. Chimene simukudziwa n'chakuti a dokotala anandilembera awiri m'mawa uliwonse. Ndinakuuzani kuti amandipatsa ambiri otsala. Linali bodza. Nditabwera kumeneko zaka zitatu zapitazo ndinakuonani mukulephera kukankha randa yopalira matabwa, kapu ya tiyi mukuigwira ndi manja awiri ngati mwana. Ndinakupatsani limodzi. Tsiku lachitatu munali pa denga la anthu mukukhoma mitanda, mukuimba. Mtima wanga unadzaza. Kuyambira pamenepo lakhala limodzi langa, limodzi lanu, ndipo anu ndinkawakulunga m'masokosi n'kupatsira a dalaivala a lole aja miyezi itatu iliyonse. A dokotala akadabwa kuti bwanji zala zikupindikabe, ndinkanamizira kuzizira kwa kuno.

Tsono mliri utafika, kuntchito kwathu kuli mayi wina timamutchula kuti Wailesi, chifukwa nkhani zimamupeza iye zisanachitike. Tsiku lina anaona bokosi la mankhwala m'chikwama changa. Anakuwa ali kutsidya kwa mzere wa choko kuti anthu omwa zimenezo ndiwo akuyamba kupita, chifukwa mankhwalawo amagonetsa asilikali a m'thupi. Anati ndikafuna kuona chaka chamawa nditaye bokosilo m'chimbudzi. Ena anaseka, n'kumufunsa kuti udokotala anaphunzira pa makina ati. Inenso ndinaseka, koma mawuwo ndinapita nawo kunyumba.

Ndinayesa kufunsa. Chipinda cha odwala nyamakazi kuchipatala anali atatseka, a dokotala anga atawasamutsira ku wodi ya mliri, ndipo foni inkangoitana yokha. Nditayesa masiku atatu ndinatopa, n'kudziweruzira ndekha. Ndinasiya kumwa. Ndinadzitonthoza kuti si kutaya, amene ndikusungawo adzakhala anu msewu wobwera kwanuko, umene anautseka chifukwa cha mliri, ukadzatsegulidwa. Safunsa anadya phula, achimwene. Ine ndinafunsa pang'ono, phula ndinadya lambiri.

Masiku awiri oyamba sindinamve kanthu, ndinayamba n'kudzitama. Lachitatu miyendo inalemera ngati ndavala nsapato zonyowa. Lachinayi ndinasanza chilichonse, ndipo masitepe okwera kuchipinda changa ndinawakwera ndikukhala pansi katatu. Lachisanu ndinaumirirabe kupita kuntchito. Ndikukumbukira ndikuimirira kuti ndikatenge ulusi pa shelefu, kenaka ndinaona miyendo ya tebulo ili pafupi ndi maso anga. Amene anathamanga koyamba, kuiwala choko ndi malamulo onse, anali Wailesi yemweyo. Akuti anandigwirira mutu akulira mpaka ambulansi inafika.

M'chipatala namwino wina wachikulire ndiye anandimasulira. Anati pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga mankhwala ofanana ndi amenewa, ndipo ndi amene amagwira thupi kuti liime. Munthu akamamwa a m'bokosi kwa miyezi yambiri, tiziwaloto timagona, monga wantchito amene waona kuti ntchito yake akugwira wina. Kudzuka kwake si kwa tsiku limodzi, kumatenga miyezi. Ukangosiya mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda a m'bokosi, lopandanso akeake. Magazi amatsika mphamvu, ndipo ena sadzukanso. Anati mnzanga wa kuntchitoyo sananame zonse: mankhwalawa amafooketsadi chitetezo, n'chifukwa chake ndiyenera kupewa pagulu kuposa anzanga. Koma kuchepetsa ndi ntchito ya dokotala, pang'onopang'ono ngati kutsitsa kabati pa masitepe. Anatinso tsiku limene thupi latentha kapena ndikusanza si tsiku losiya, ndi tsiku lothamangira kuchipatala, chifukwa pamenepo thupi limafuna ochulukirapo. Anandipatsa kakhadi koyenda nako m'chikwama, kuti ndikadzagwanso, ondinyamula adzadziwe chimene ndimamwa.

Namwinoyo akulankhula, ine ndinali nditachokapo. Ndinali kwanu, ndikuwerenga mapiritsi anu. Phukusi lomaliza linanyamuka misewu isanatsekedwe, ndipo a dalaivala ali khale kwawo, lole ili pa mawe.

Ndinaimbira alamu ndili pa bedi, diripu ili pa mkono. Musawakalipire, ndinachita kuwakakamiza. Anandiuza kuti mwayamba kudumphitsa masiku kuti mapiritsi akhalitse, lero kumwa, mawa ndi mkuja ayi, ndipo ena mukumawadula ndi mpeni. Anati sabata inayo munakhala pansi mwadzidzidzi pa utuchi, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti ndi njala chabe. Anatinso nkhope yanu yazungulira moti anzanu akumakunenani kuti alamu akukudyetsani mobisa, ndipo madzi mukumwa ngati ng'ombe. Alamu ankanena zimenezi akuseka pang'ono. Ine sindinaseke. Nkhope imeneyo ndimaiona pa galasi langa. Koma ine amandiyeza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi maso kawiri pa chaka. Inu zaka zitatu palibe amene anakugwiranipo mkono. Ndinakupatsani mankhwala, osakupatsani dokotala wake.

Tsiku lotuluka a dokotala anga anabwera kuchokera ku wodi ya mliri, atavala chigalasi kumaso, maso ali psuu ndi tulo. Anandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira mapiritsi anga awiri. Ndinayang'ana bulangeti, n'kunena kuti awiriwo sindinawamwepo kwa zaka zitatu. Ndinaulula zonse, mpaka za masokosi. Anatenga cholembera. Kenaka anafunsa zaka zanu ndi ntchito yanu. Anafunsa chimene mumadwala, ine ndinati nyamakazi ngati yanga. Atafunsa amene anakuyezani, ndinati palibe. Anati mawondo a kalipentala wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri akhoza kukhala ongoperepeseka ndi ntchito, nthenda ina ndithu, yosafuna mankhwala amenewa n'komwe. Mawu amenewo anandipweteka kuposa singano zonse za m'chipatalamo.

Sanandikalipire. Mwina akanandikalipira ndikanapepukidwa. Anangoti sindine woyamba, ndipo pano kulira kulibe ntchito, chofunika n'chakuti musasiye mwadzidzidzi ndiponso muonedwe ndi dokotala msanga. Anandiuza poyera kuti mapiritsi otumiza sandipatsanso, ngakhale msewu utatseguka mawa. M'malo mwake analemba kalata yopita kwa dokotala amene adzakuoneni, yofotokoza dzina la mankhwala, mlingo wake ndi zaka zimene mwamwa. Ine anandisiya pa limodzi lomwe thupi langa linazolowera, n'kundiwonjezera ena a mtundu wina oti agwire zalazi. Ndabwerera kuntchito dzulo. Wailesi wandisokera chotchinga pakamwa cha nsalu zitatu, ndipo akuuza aliyense kuti iye ananena kalekale kuti mankhwala sasiyidwa chisawawa.

Tsono pempho langa ndi limodzi, achimwene. Bwererani pa piritsi limodzi lathunthu m'mawa uliwonse, osadumphitsa, osadula, mpaka dokotala akuoneni. Awa si mawu anga, ndi a dokotala. Alamu awerenga, atsala khumi ndi anayi, ndipo akukwana. Mukamva chizungulire, mukayamba kusanza kapena thupi likatentha, musadikire kuti muone mmene kuchere. Muziwauzanso makasitomala aime pakhomo. Mpando akhoza kuuloza ndi chala ali panja, safunika kukupumirani m'khosi.

Ndikudziwa chimene chili mumtima mwanu. Chilowereni abambo pa geti la chipatala lija osatulukanso, inu mumadutsa tsidya lina la msewu. Pano mwapezanso chifukwa chabwino, mukuti kuchipatala n'kumene kuli mliri. Mantha amenewo si opusa, inenso ndinali nawo pa bedi paja ndikumva anthu akutsokomola kuseri kwa khoma. Koma ine ndinagwa pakati pa anthu asanu, ambulansi ili pafupi. Inu mumagwira ntchito nokha m'shedi, macheka ali m'manja, alamu ali kumsika.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti juzi yawo ndinamaliza, ikudikira msewu. Moni kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa mng'ono wanga, amene sanandiyankhe mauthenga atatu koma ndamukhululukira. Ana onse muwauze kuti azakhali awo akuti asambe m'manja asanakugwireni. Alamu, inu ndilibe mawu okwanira. Mwanyamula katundu amene ndinamanga ine.

Nkhani iyi ndaisungira kumapeto dala, chifukwa ndikanayamba nayo mukanalanda foni. Ndakhala ndikuimbira chipatala cha kwanuko masiku asanu ndi limodzi. Ena ankandidula, ena ankati ndiimbenso mawa. Lero m'mawa ndapeza mkulu wa anamwino, mayi woleza mtima, ndipo ndamutumizira kalata ya a dokotala ija. Wabwezanso foni yekha masana ano. Dokotala akuonani Lachinayi likubwerali, nthawi ya naini koloko m'mawa. Simudzera pa geti lalikulu kapena kuima pa mzere wa otsokomola. Muzungulire kuseri, kumene amayanika nsalu, pali kachitseko kobiriwira ndi benchi pansi pa khonde. Akakuonerani pomwepo, panja. Mupite musanadye kanthu chifukwa akayeza shuga, ndipo mutenge bokosi lenilenilo ndi mapiritsi otsalawo.

Ine ndapempha kale kwa bwana, m'mawa umenewo sindisoka. Ndidzakhala pafupi ndi foni, alamu akangondiimbira ndidzamva zonse. Ndiye musakayese kunena kuti munagula pamsika kapena munapatsidwa ndi mnzanu wina amene anasamuka, pofuna kundibisa. Akakafunsa amene anakupatsani, mukanene kuti ndi mlongo wanu, ndipo kuti ali pa foni, akudikira kuyankha yekha.

Khalani bwino mpaka Lachinayi.

Ndine mlongo wanu,
Kasingano