Pamene ndinamangirira mbuzi

Lachitatu, mwezi wa Ogasiti. Tsiku lolemera, chakudya sichinalowe n'komwe.

Mbuzi ya amalume inafa dzulo. Iwo akuti anaipatsa mankhwala akupha ndi amake Falesi, oyandikana nafe, poti inawadyera nandolo sabata yatha. Mayiwo lero sanapite kumjigo. Ndinawamva akulira kuseri kwa nyumba yawo.

Koma mbuziyo ndinaimangirira ndine, m'mphepete mwa dambo, pamene anthu anakumba dothi la njerwa. Masana ndinapitako kukayang'ana bwinobwino. Msipu unatha kale. Pafupi ndi chikhomo pali zomera zinayi zofika m'chiuno, nsonga zake zodyedwa. Masamba ake ndi aatali, opyapyala. Maluwa ndi ang'onoang'ono, oyera, olendewera pamodzi. Zipatso zake n'zofufuma, zaubweya, m'kati muli tithonje. Nditathyola tsamba, panatuluka utomoni woyera ngati mkaka.

Ndinatenga nthambi kukaonetsa a Muhiwa, amene aweta mbuzi zaka zambiri. Anangoiona n'kuiponya pansi.

"Iwe, kasambe m'manja! Ichi n'chakupha, chimakonda pokumbidwa ndi m'mbali mwa msewu. Mbuzi yokhuta imachilambalala. Yanjala, ya pachingwe, ndiyo imadya."

Ndinaitola nthambiyo. Amalume ndinawapeza pakhonde.  Ndinati, "Amalume, si amake Falesi ayi. Ndine ndinaimanga pali chomera ichi."

Anayang'ana nthambiyo, kenako anavala nsapato.

"Pakamwa panga panathamanga. Tsogola, mwana wanga, tikapepese."

Amalume sanandikalipire. Mayi aja anatiyalira mkeka maso akadali otupa, ndipo ine mpaka pano manyazi sanandichoke...