Dzanja la achimwene anu lafumbatuka

Okondedwa alamu,

Muli bwanji kufamuko pamodzi ndi ana? Ife kuno ku Ilford tili bwino, kungoti kuzizira kwatikwana.

Alamu, zomwe ndaona ndi maso angawa sindikuzimvetsa mpaka pano. Paja chidukireni dzanja lawo pamakina a chimanga aja, achimwene anu akhala akulira kuti zala zomwe palibezo zafumbata, zikhadabo zikulasa m'chikhatho. Mapilisi ankangowaledzeretsa. Lachiwiri tinakwera basi kupita kuchipatala ku Romford, ndipo mayi wa fiziyo, aja ophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, anatitulutsira galasi wamba lodziyang'anirapo. Ine ndinapsa mtima. Ulendo wonsewu tadzera galasi?

Analiimika patebulo, mkono wodukawo kuseri kwake, dzanja labwino kutsogolo. Poyang'anamo, manja anaoneka awiri. "Tambasulani zala pang'onopang'ono," anatero mayiyo. Achimwene anu anatambasula, kenaka misozi inangoti mbwembwembwe.

"Amake Chipo," anandinong'oneza, "lafumbatuka."

Ine thupi lonse linachita tsembwe. Akuti ululuwo umakhala m'mitsempha ndi mu ubongo, ndiye ubongo ukaliona dzanjalo likutambasuka, nawo umamasula. Ululu sunatheretu ayi, umabwerabe, koma tsiku lililonse amakhala pagalasi ndipo tsopano tulo akutipeza.

Ndiye chonde, thamangani mukawauze amalume asakafukule paja munakwirira dzanjalo ati kukawongola zala kuti ululu uleke. Alisiye lipume. Zala zija zawongokera kuno, mwini wake akuonerera.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlamu wanu,
Amake Chipo