Ndinauza Mlongo Wanga Tsiku Lobzala

Aphungu,

Ndine mlimi wa zaka 54 kuno ku Pembamoyo. Sukulu ndinalekeza Giredi 7, koma masamu ndinkawakonda ndipo madeti sindiiwala. Kuyambira 2018 ndimalemba m'kabuku tsiku limene mvula yobzalira yagwa. Sindilemba mvula iliyonse. Ikagwa ndimapita kumunda m'mawa n'kukumba ndi dzanja, ndipo chikhatho chonse chikalowa m'dothi lonyowa ndiye ndimalemba. Zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi mvulayo inagwa mu Novembala. Ndikawandandalika, masiku ake ndi awa: 3, 5, 24, 27, 29, 29 ndi 30.

Alamu anga a Agostino, amuna a mlongo wanga Tinenenji, anamwalira pa 11 Juni chaka chino. Anasiya ana atatu. Asanadwale anasankha chimanga chamakolo chachikuluchikulu, anachimanga mitolo n'kuchipachika kukhitchini kuti utsi uzichiteteza ku anankafumbwe. Mbewu imeneyo anabwera nayo kuchokera kwawo ku Mlolo pomwe ankakwatira, ndipo chaka chilichonse ankasankha okha.

Popeza mlongo wanga watsala yekha ndipo alibe ng'ombe, ndinaganiza kuti tibzaliretu pouma, mvula idzapeze mbewu ili kale m'nthaka. Iye anandifunsa kuti, "Achimwene, inu ndi amene mumalemba. Tibzale liti?" Ndinaphatikiza masiku onse aja, anakwana 147. Nditagawa ndi 7 ndinapeza 21. Ndinabwereza katatu. Ndinamuuza kuti tibzale pa 19, kutatsala masiku awiri.

Tinabzala mbewu yonse, osasiyako ngakhale ya m'mbale. Pa 20 kunagwa kamvula kowaza, kongozimitsa fumbi. Kenako dzuwa linatentha masiku khumi ndi limodzi. Mvula yeniyeni inabwera pa 2 Disembala. Titafukula tinapeza mbewu itaphukira pansi n'kupsa. Ndayenda m'munda wonse kuwerenga mapando omera, alipo 63 basi.

Chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi munda wanga. Ndinafuna kubzala pa 21, koma ng'ombe yanga imodzi inavulala mwendo, ndiye ndinabzala pa 3 Disembala, ndipo chamera bwino. Tsopano anthu pamjigo akunena kuti ndinayesera masamu anga pamunda wa mayi wamasiye. Mulungu akudziwa kuti ndinayambira kwake chifukwa chofuna kumuthandiza.

Mlongo wanga sanandikalipire. Anangoti ndisadandaule, ndi mvula. Koma Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi sakupatukiranso kwathu monga kale. Nditamutengera paketi ya mbewu anailandira ndi manja awiri, n'kunena chapansipansi kuti, "Zikomo, koma ya m'sitolo si ya bambo a Prudence." Prudence ndi mwana wawo woyamba.

Alangizi a zaulimi atabwera ndinawaonetsa kabuku kaja. Anati ndinatenga avareji, chikhala iwo akanayang'ana midiyani. Anali pachangu, ine ndinachita manyazi kufunsa. Kodi zonsezi si nambala yapakati? Ndinalakwitsa pati? Ndaganizapo zosiya kulemba, koma chachikulu ndikufuna mlongo wanga abwerere kwa ine. Ndichite chiyani?

Z.B., Pembamoyo, Chadiza

*

A Z.B.,

Pepani ndi maliro a alamu anu, pepaninso ndi za munda. Masamu anu alibe vuto, 147 kugawa ndi 7 ndi 21 ndithu. Kungoti nambala zimene anthu amazitchula zapakati zilipo zingapo, ndipo iliyonse imayankha funso lake.

Imene munapeza ndi avareji. Imeneyi imasonkhanitsa zonse pamodzi n'kugawa mofanana. Ndi yabwino mukafuna kudziwa matumba a chimanga amene mumakolola pachaka, zaka zabwino ndi zoipa mutaziphatikiza. Kuipa kwake, nambala imodzi kapena ziwiri zikakhala kutali ndi zinzake, zimaikokera kwawo. Zaka ziwiri zija mvula inafulumira, pa 3 ndi pa 5, ndi zimene zinakukokerani pa 21. Yang'ananinso m'kabuku mwanu. Kuchokera pa 6 kufika pa 23 mvula yobzalira sinagwepo chaka n'chimodzi chomwe. Zaka zisanu mwa zisanu ndi ziwiri inabwera 21 itadutsa.

Midiyani imene alangizi ananena simuipeza pophatikiza. Mumandandalika masiku monga munachitira, n'kuloza limene laima pakati penipeni. Kwa inu ndi 27, atatu m'mbuyo, atatu kutsogolo. Ngakhale mvula ikanagwa pa 1 m'malo mwa pa 3, midiyani sikanasuntha. Palinso ina yotchedwa modi, tsiku limene labwerezedwa kwambiri, ndipo kwa inu ndi 29. Masiku akakhala oyandikana, zitatuzi zimatuluka pafupipafupi ndipo munthu saona kusiyana. Anu anali m'magulu awiri otalikirana, n'chifukwa chake zinasiyana.

Mukanatsata 27 mukanabzala pa 25, ndipo kamvula ka pa 20 sikakanapeza mbewu m'nthaka. Zimenezo sindikubisirani. Koma dziwaninso kuti midiyani si lonjezo. Chaka chino mvula yabwera mochedwa kuposa zaka zonse zimene munalemba. Cholakwa chachikulu chinali kuponya mbewu yonse tsiku limodzi. Pobzala pouma, theka muzisunga m'nyumba.

Tsopano ntchito. Mapando 63 aja musawaone ngati otsala chabe, ndiyo mbewu ya alamu anu. Zikani timitengo pa phando lililonse, palirani, tetezani ku mbuzi, ndipo ana auzidwe kuti chimenecho sichootcha mondokwa. Pafupi nacho musabzale chimanga cha m'sitolo, chingasakanize mtundu. Ikanipo mtedza kapena soya. Paketi ija, ngati ndi yocha msanga, ibzalidwe mbali yakutali ya munda sabata ino, nthawi ikutha. Ngati ng'ombe ija yachira, iyambire kumeneko.

Kenako kwerani njinga mupite ku Mlolo kwa abale a malemuwo. Mbewu yamakolo kawirikawiri sikhala nyumba imodzi. Mwina amayi awo kapena achemwali awo akadali nayo. Ngakhale atakupatsani yodzaza chipewa, bweretsani.

Za pamjigo musayankhe. Ana amenewo ndinu malume awo, ndipo mudzi wonse ukudziwa udindo wanu. Uzani mlongo wanu pamaso pa akuluakulu a banja kuti nkhokwe yanu chaka chino idyetsa nyumba ziwiri, ndipo muchitedi. Ngati muli pabanja, kambiranani kaye ndi akazi anu, zisawadzidzimutse. Kulemba musasiye. Lembani 2 Disembala pamzere wake, ndipo kuyambira lero muziyang'ana mndandanda wonse musanatchule tsiku kwa munthu.

Chenjezo langa ndi ili. Zimene ndakufotokozerazi ndi zanu, kuti mtima ukhale pansi. Musapite nazo kwa mlongo wanu kukamuphunzitsa kusiyana kwa avareji ndi midiyani, angamve ngati mukudziyeretsa. Iye sakulira nambala. Chimanga chija ndicho chinthu chomaliza chimene manja a mwamuna wake anagwira, ndipo kwa iye zili ngati maliro achitikanso kachiwiri. Mukafika mungonena kuti, "Mlongo wanga, ndinakulakwitsa, pepa." Akapanda kuyankha musamukakamize. Tengani khasu mulowe m'munda mwake, mawa mudzabwerenso.

Aphungu