Pageti pa Ellen

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Hewe tilipo, mwendo wa amayi ukuchira.

Ndinapita ku Lilongwe ndi mphwanu Tiwonge kukaona koleji imene akuifuna. Pogona anatilonjeza Ellen, yemwe uja tinamulera pakhomo pano. Tinamutengera nkhuku ndi nyemba. Titafika pageti, mlonda analandira katunduyo n'kulowa naye. Pobwera anati, "Adona akuti yewo, koma nyumba yadzaza." Achimwene, Ellen ndinamuona ndi maso angawa akusuzumira pawindo! Anatisunga ndi mayi wina wakumpingo, wosatidziwa n'komwe.

Tiwonge waikonda kolejiyo, choncho tifunireni pena pofikira. Kwa Ellen musaimbe. M'nyumba muja munalowa nkhuku, mphwanu n'kutsala panja.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Nyachirwa