Mbendera Yofiira Pakhomo la Doko

Alexandria, 9 Novembala 1987

Achemwali anga amake Ragab,

Mtendere ukhale nanu. Kaya muli bwanji ndi alamu anga a Abdel-Radi ndi ana? Nanga amayi, maondo aja akuwalola kutuluka pabwalo? Ine kuthupi ndili bwino, koma za mumtima musandifunse.

Telegalamu imene ndidatumiza kwa amalume idangoti mng'ono wanga Khalaf watisiya, taika kale m'manda. Mawu ena sindikadatha kuwanena pamaso pa kalaliki wa ku positi. Tsopano Dahshan wa kwa osula zitsulo wabwerako kumudzi, ndipo wandiuza kuti amayi akatha kuswali amatemberera asilikali a pamadzi, akuti ndiwo adapha mwana wawo. Ndiye ndati ndikulembereni zonse mmene zidayendera, poti ndinu mudatilera tonse awiri.

Doko lathu la asodzi lili moyandikana ndi la sitima zankhondo, ndipo khomo lotulukira kunyanja ndi limodzi. Tsiku limene akukweza zipolopolo ndi mabomba m'sitima zawo amaimika mbendera yofiira, ndipo palibe boti lolowa kapena kutuluka mpaka atamaliza. Akuti kamoto ka injini kapena ka fodya kakhoza kuyatsa gombe lonse. Ife tidazolowera. Timang'ung'udza kuti nsomba zikuvunda, koma timadikira.

Lachiwiri lija tinkadziwa kuti khomo litsekedwa mpaka dzuwa litapendeka, ndiye tinkati tibwerera madzulo. Koma m'mamawa ndithu waya wokokera khoka adaduka n'kumenya Khalaf pamimba ndi m'nthiti. Adagwa, n'kudzuka yekha. Magazi sadatuluke ngakhale dontho. A Bayumi, oyendetsa boti lathu, ataona nkhope yake ikuyera adatembenuza boti kulunjika kumtunda. Tidafika pakhomo la doko mbendera ili m'mwamba, n'kuponya nangula. Chipatala chinkaoneka patsidya pomwepo, mawindo ake ndikadatha kuwawerenga.

Mukudziwa mmene anthu a kuno amatisekera ife a kum'mwera. Amati mitu yathu ndi yamiyala, ukaimenya ndi nyundo imasweka ndi nyundoyo. Chaka chonse anzathu a m'boti ankamuseka Khalaf choncho, iye n'kumawabwezera kuti inu ana a m'tauni mumalira ndi munga wa nsomba. Ndiye tsikulo adangotsamira mabokosi a nsomba n'kumati mukundiyang'ana chiyani, ng'ombe ya abambo idandiponda kuposa apa, tandipatseni tiyi. Anzathu adaseka. Inenso ndidaseka, achemwali.

Kenaka kaboti ka asilikali kadayandikira. Mkulu wawo adafunsa pa chimkuzamawu chifukwa chimene tabwerera msanga, ngati muli vuto m'boti. A Bayumi adayang'ana ine, poti mwini wodwala ndidali ine. Khalaf adandigwira mwendo mwamphamvu n'kunena chapansipansi kuti akulu, musandichititse manyazi, andikweze m'boti lawo ngati thumba la anyezi, anthu awa adzandiseke mpaka liti? Adakweza dzanja n'kuwayankha yekha kuti tithokoze Mulungu, zonse zili bwino. Ndi mmene abambo adatiphunzitsira, kuti mwamuna akafunsidwa amathokoza Mulungu, sadandaula kwa mlendo.

Ine ndidaona milomo yake itauma. Ndidaona thukuta pamphumi pake chikhalirecho mphepo inali yozizira. Koma ndidaopa kumunyozetsa, ndipo ndisaname, ndidaopanso mfuti zija ndi mafunso awo. Pakamwa panga sipadatuluke kanthu. Kaboti kadapita.

Tidakhala pamenepo maola atatu. Nthabwala zidatha, adayamba kupempha madzi pafupipafupi. Pamene a Bayumi adavula malaya n'kuyamba kukupiza akukuwa, kaboti kaja kadali mbali ina ya khomo. Kadabwera ndithu mothamanga, koma kadapeza mng'ono wanga atatsamira pachifuwa panga, atatha kale. Dokotala adati magazi ankatayikira m'kati nthawi yonseyo.

Pachipepeso padabwera mkulu wa asilikali yemwe uja, bambo wa imvi, atavala zakunyumba. Adamwa khofi wopanda shuga limodzi ndi ife, ndipo potuluka adandigwira dzanja. Adati mwana wanga, lamulo lija limaimitsa maboti, siliimitsa wodwala. Adati tikadangonena, akadamutenga m'kaboti kawo n'kumufikitsa kumtunda tiyi asanazizire m'kapu. Sadanene mokalipa ayi. Kunali bwino akadandimenya mbama.

Za kuno ndi zomwezo. Mvula yachisanu yayamba, denga la chipinda chathu likudontha pangodya, ndipo matiresi a Khalaf sindinawachotse. Kuntchito ndabwerera. Anzathu adasiya nthabwala za mitu yamiyala, tsopano amangondisunthira mbale ya nyemba, ndipo chisoni chawocho chimandilemera kuposa kuseka. Lachinayi mbendera idakweranso, ine ndidatsikira ku injini mpaka atandiitana. Zovala zake ndi wotchi ndidzapatsira Dahshan.

Pempho langa ndi limodzi. Tsiku la makumi anayi chimwalirireni Khalaf, lotsiriza maliro, layandikira, ndipo ndikufuna kudzakhala pamphasa limodzi ndi amuna a banja lathu. Koma sindingalowe m'nyumba ija amayi n'kundikumbatira akutemberera anthu osalakwa. Muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha mzere, ngakhale alamu atakuletsani. Ndikudziwa kuti ndakusenzetsani katundu amene ndimayenera kusenza ndekha. Mundikhululukire, ndayesa kuwalembera iwo katatu, dzanja likukana.

Inu mudalipo pa siteshoni ku Qena tsiku limene ndidamutenga. Amayi sadandiuze kuti ndimupezere ndalama kapena mkazi. Adangoti mng'ono wakoyu sadziwa kudzinenera, uzimunenera ndiwe. Ine ndidagwira mutu wawo n'kulonjeza.

Akati ndibwere, ndikwera sitima yapamtunda tsiku lomwelo. Akati asandionenso, mundilembere osabisa, ndidzapita ndekha kumanda ake konkuno. Chilichonse chimene anganene ndachilandira kale.

Mundiperekere moni kwa amalume a Fawwaz ndi azakhali, kwa alamu, kwa Ragab ndi alongo ake, ndi kwa onse amene adabwera kudzalira nafe. Dzanja la amayi mulipsompsone m'malo mwanga musanayambe kuwerenga, poti mukamaliza mwina sadzalola.

Ndine mlongo wanu,
Haridi