Akuti Makompyuta Anafa

Lachinayi, 14 Ogasiti. Tsiku loipa, mtima ukuwawabe.

Makompyuta akale asanu a pa mishoni samva maadiresi atsopano a intaneti. Masabata atatu ndaphunzira ndekha pa foni, mpaka kompyuta imodzi ndinaisandutsa womasulira: imalandira adiresi yatsopano n'kugawira anzake maadiresi akale. Dzulo onse analumikizika. Ba Tembo, mphunzitsi amene ndimadya naye mbale imodzi, anaona ndi maso awo.

Lero Ba Fada andiuza kuti Ba Tembo anati makinawo anafa, ndipo alamu a Ba Tembo a ku Lusaka awanyamula kale.

Ba Tembo ndawapeza pakhomo, ndawauza pamaso kuti ndi abodza. Angoseka. "Iwe, nifuna vatsopano, osati magalimoto ya ng'ombe."

Ana a ku Kanakantapa akubwera mawa kudzaphunzira. Ndikawaonetsa matebulo opanda kanthu, ndiye ndinene kuti...